Chipinda cha kuseri kwa laibulale: zimene zinachitika kuyambira Januwale mpaka Seputembala

Ndine mmodzi mwa anthu ongodzipereka pa laibulale ya m'katauni kakang'ono. Wolembedwa ntchito pamalopa alipo mmodzi yekha, amayi amene akhalapo zaka zambiri, ndipo enafe timangothandiza Loweruka ndi madzulo. Kumapeto kwa chaka chatha tinapatsidwa kandalama kakuti chipinda chosungiramo katundu chimene chili kuseri tichisandutse malo osonkhanirapo anthu: kuwerengera ana nthano, kuphunzitsa akuluakulu, ndi zina zimene ifeyo tinkaganiza kuti anthu akuzifuna. Ndinkalemba m'kabuku zonse zimene zachitika, ndipo pano ndasankhamo zimene zingathandize ena. Mitengo imasiyana malo ndi malo, imasinthanso mwezi ndi mwezi, choncho ndalama zonse zimene tinapatsidwa ndazigawa m'magawo 100, ndipo pa chinthu chilichonse ndikunena magawo amene chinadya.

11 Januwale: kutsegula chitseko

Loko anali atachita dzimbiri moti tinachita kumudula. Chipindacho ndi cha mamita 7 m'litali, mamita 5 m'lifupi, mawindo awiri, chitseko chimodzi. Tinapezamo makatoni 41 a mabuku akale, mipando yothyoka, ndi fungo loti munthu sungapirire mphindi khumi. Makatoni a pansi anali atayamwa chinyezi cha simenti ndipo mabuku ake anachita nkhungu. Atatu a pakona chiswe chinali chitawamaliza, ukanyamula katoni m'manja mumangotsala zivundikiro.

Cholakwa choyamba chinali changa. Ndinauza anyamata kuti apukute mabuku ankhunguwo ndi nsanza yonyowa. Patapita masiku anayi nkhungu inabwerera yoposa poyamba, itafalikiranso ku mabuku amene anali abwinobwino, popeza nsanza inali imodzi yomweyo. Amayi oyang'anira laibulale ataona anangogwira pakamwa. Anationetsa njira yake: kutulutsa mabuku panja, pamthunzi podutsa mphepo, kuwaimika masamba atatseguka, akauma n'kumasasa nkhunguyo ndi burashi yofewa, mphuno ndi pakamwa zitaphimbidwa. Padzuwa ayi, zikuto zimapindika. Nkhungu imamera pamene chinyezi cha mumpweya chapitirira magawo 65 pa 100, ndiye chipinda chikakhala chosauma, kupukuta n'kungodzitopetsa.

Vuto lachiwiri silinali la manja. Mabuku oonongeka sitikanangowataya, chifukwa lililonse lili ndi nambala m'kaundula ndipo ndi katundu wa eni laibulale. Tinalemba mndandanda wa mabuku 612, mutu wake ndi nambala yake, n'kudikira chilolezo masabata atatu. Nthawi yonseyo makatoni anali atatseka khonde. Kalata imeneyi muziilemba tsiku loyamba, musanagwire tsache.

Zogula: maburashi 4, zophimba kumaso, magolovesi, sopo, loko watsopano. Magawo 2.

8 Febuluwale: penti isanakwane nthawi yake

Tinadya mfulumira. Tinkafuna anthu aone kuti ntchito yayambika, ndiye tinathamangira penti. Makoma kuzungulira ndi mamita 24, kutalika mamita 3, tikachotsapo chitseko ndi mawindo patsala masikweya mita pafupifupi 65. Pachitini analemba kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 10, kutanthauza kuti kupaka kawiri kukanafuna malita 13. Tinagula 20 tikuganiza kuti ina itsala. Khoma louma lija linamwa penti ngati mchenga ndipo yonse inathera pomwepo.

Usiku wachitatu kunagwa mvula. M'mawa tinapeza mzere wakuda kuchokera kudenga mpaka pansi, pakhoma lija linali mbee dzulo lake. Kalipentala amene tinamuitana anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana ine, amvekere, "Achimwene, mwayambira kumchira. Denga lodontha simulipakira penti." Malata ambiri analibe vuto. Timalabala ta pamisomali n'timene tinali titauma n'kung'ambika, komanso ngalande ya m'mphepete mwa denga inali itadzaza masamba moti madzi ankabwerera m'kati. Anasintha malata awiri, anamanga zomangira zatsopano 120 zokhala ndi malabala ake, ife tinakwera n'kuchotsa masambawo.

Tinaphunziranso kuti banga la madzi limatulukirabe pamwamba pa penti ya madzi ngakhale upake katatu. Pamafunika kuyamba wapakapo penti ya mafuta pabangapo, iume, kenako n'kubwereza ya madzi.

Denga: magawo 17. Penti yoyamba: magawo 9. Yobwereza: magawo 4, amene akanapulumuka tikanadekha.

1 Malichi: mabenchi ndi mashelefu

Tinakhometsa mabenchi 6 a mamita 1.8, okwera masentimita 45 kuchokera pansi, muyezo wa munthu wamkulu. Palibe amene anaganiza za ana, chonsecho chipindachi tinkakonzera iwowo. Mwana wa zaka zisanu akakhalapo miyendo imalendewera, ndipo mwana wolendewera miyendo sakhazikika. Mabenchi awiri tinawadula miyendo kufika masentimita 30, kutsogolo tinayala mikeka.

Mashelefu awiri tinawaika timatayala kuti tizitha kuwakankhira kukhoma pakakhala msonkhano. Nzeru inali yabwino koma timatayala tinagula totchipa. Tinayeza pasikelo mabuku odzaza mita imodzi ya shelefu ndipo anakwana makilogalamu 25. Shelefu iliyonse ili ndi matabwa anayi, ndiye werengani nokha. Tayala loyamba linathyoka tsiku lomwelo. Matabwanso tinali titawatalikitsa mpaka mamita 1.2 popanda chochirikiza pakati, ndipo pasanathe masabata awiri anayamba kupinda msana. Mashelefu a m'malaibulale nthawi zambiri amakhala masentimita 90 m'litali, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Kalipentala anaikamo thabwa loimirira pakati.

Matabwa, misomali, vanishi ndi malipiro: magawo 21. Matayala olimba okhala ndi mabuleki: magawo 3.

22 Malichi: kusindikiza timabuku ta ana

Mabuku a ana amene tinali nawo anali ochepa, ambiri osakhala m'chilankhulo chimene anawo amalankhula kunyumba. Tinatenga nthano pa African Storybook, tsamba la pa intaneti limene linayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, ndi pa StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India. Nthano zake zili pansi pa chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti ukhoza kusindikiza, ngakhale kumasulira, bola usachotse tsamba lotchula amene analemba ndi amene anajambula. Mnyamata wina anafuna kulichotsa tsambalo kuti tipulumutse mapepala, tinamuletsa.

Apa tinaononga limu yathunthu ya mapepala 500. Kabuku kopinda pakati kamafuna kuti masamba ake agawike ndi 4, chifukwa pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba anayi. Nthano ya masamba 18 imafuna kuonjezera awiri opanda kanthu, apo ayi masamba amasokonekera. Chachiwiri, posindikiza mbali zonse ziwiri, makina amafunsa ngati pepala litembenukire mbali yaitali kapena yaifupi. Tinasankha yaitali, ndipo theka la masamba linatuluka chadodolido. Tinazindikira titasindikiza kale makope 30, poti palibe amene anayamba wayesa kamodzi n'kupinda. Masiku ano lamulo ndi lakuti kope loyamba lipindidwe, liwerengedwe mpaka kumapeto, kenako ena atsatire.

Stapler wamba safika pakati pa pepala, pamafunika wa mkono wautali. Tisanamupeze tinkasoka ndi singano ndi ulusi, mabowo atatu pamsana, ndipo kunena zoona timabuku tosokato talimba kuposa tomenya ndi waya. Zikuto tinapanga ndi pepala lolimba. Mabuku ong'ambika tinasiya kuwamata ndi selotepi, imene imasanduka yachikasu n'kusiya zomata pamasamba, tinayamba kugwiritsa ntchito guluu woyera wa PVA.

Tinatulutsa timabuku 90 ta nthano 15. Mapepala, inki, guluu, stapler: magawo 12.

12 Epulo: kulengeza

Zikwangwani zoyamba tinazimata m'laibulale momwemo, ndiye anaziona ndi okhawo amene amabwera kale. Titazipititsa kusukulu, kuchipatala ndi pokwerera mabasi, funso limene linkabwera linali limodzi: "Polowa ndi zingati?" Tinali titaiwala kulemba kuti n'zaulere, poti kwa ife zinali zodziwikiratu. Chikalata cha UNESCO chonena za malaibulale a anthu onse, chimene chinatuluka koyamba mu 1949 n'kukonzedwanso komaliza mu 2022 mogwirizana ndi IFLA, bungwe la malaibulale a padziko lonse, chimanena kuti laibulale yotere iyenera kukhala yaulere. Koma munthu amene sanalowemo chibadwire sangadziwe zimenezo. Tinazungulira ndi cholembera chachikulu kulemba ULERE pa chikwangwani chilichonse. Gawo 1.

26 Epulo: tsiku lotsegulira

Tinasankha sabata imeneyi chifukwa 23 Epulo ndi tsiku lokumbukira mabuku padziko lonse, limene UNESCO inakhazikitsa mu 1995. Popeza linagwera pakati pa sabata, mwambo tinauika Loweruka.

Kunabwera anthu 140. M'chipindamo mumakwana 40 atathinana. Tinabwereka mipando ndi zokuzira mawu n'kuchitira panja. Tinaitana olankhula asanu, aliyense tinamupatsa mphindi zisanu, ndipo onse pamodzi anatenga maola awiri. Nthano imene inayenera kuyamba 10 koloko inayamba dzuwa lili pamutu, ana ambiri atabalalika kale, otsalawo akulira njala. Chimbudzi chinali chokiya ndipo kiyi anali m'thumba la munthu amene anakhala kutsogolo pakati pa alendo olemekezeka.

Madzulo ake tinayamikirana kwambiri. Zithunzi zinatuluka zokongola, anthu thithithi. Ndalama zobwerekera zinthu, zoziziritsa kukhosi ndi mayendedwe zinakwana magawo 14, kuposa zimene tinaonongera timabuku tonse tija. Pa ndalama zonse za ntchitoyi, zimenezi ndi zimene zimandiwawa mpaka lero.

17 Meyi: chipinda chili zii

Nthano za ana tinaziika Loweruka lililonse 10 koloko m'mawa. Pa 3 Meyi kunabwera ana 31. Pa 10 Meyi, 9. Lero, 4, ndipo awiri mwa iwo ndi ana a mmodzi wa ife.

Tinakhala pansi n'kuyamba kulozana zala. Wina akuti timabuku n'tosakongola, wina akuti makolo a masiku ano alibe chidwi. Ine ndinkati tisindikizenso zikwangwani. Amayi oyang'anira laibulale anangoti, "Mwawafunsa eni akewo?" Sitinawafunse. Lolemba lake ndinakumana ndi kamtsikana ka zaka ngati 11 kamene kanabwera sabata yoyamba ija, ndinakafunsa chifukwa chimene kanasiyira. Kanayankha kuti, "Ankolo, Loweruka m'mawa amayi amachoka, ine ndimatsala ndi mwana. Ndiye pachitseko munalemba kuti ana aang'ono asalowe popanda wamkulu." Chikwangwanicho ndinalemba ndine, poopa kuti makanda ang'amba mabuku. Ana ena anandiuza zofanana: Loweruka m'mawa ndi nthawi yochapa, yotumidwa, yolera ang'ono awo.

Tinasintha zinthu zitatu. Nthawi inapita Lachitatu 3 koloko masana, ana akaweruka, chifukwa njira yochokera kusukulu imadutsa pafupi. Chikwangwani chija ndinachimatula, pakona tinayala mkeka wa makanda n'kuikapo timabuku ta makatoni olimba toti angalume osaonongeka. Chachitatu, chimene ndikuona kuti n'chachikulu, tinasiya kuwerenga mitu. Tinagula buku la mizere n'kulemba dzina loyamba la mwana aliyense, n'kumachonga sabata iliyonse. Mitu 30 ikhoza kukhala ana 30 atsopano amene sadzabweranso. Chimene tinkafuna kudziwa n'chakuti ndani wabwera kachitatu.

4 Juni: kawerengedwe

Ana anayamba kubwera, 17, kenako 22, lero 24. Tsopano vuto linali ife owerengafe. Tinkagwira buku moyang'anitsa kwa ife eni, n'kumawerenga ngati tikulengeza uthenga wa maliro, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza osapuma. Ikamakwana mphindi yachisanu kumbuyo kumakhala kutayamba kutsinana.

Amene anatiphunzitsa ndi agogo ena aamuna amene amabwera masana aliwonse kudzawerenga nyuzipepala. Anaima pakhomo kumvetsera, kenako anati, "Mwanawe, tandipatsa bukulo." Analigwirira pambali pa nkhope yawo zithunzi zikuyang'ana kwa ana, ndipo asanatembenuze tsamba ankaima, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa, "Ndiye mukuti chichitike n'chiyani?" Chipinda chonse chinkayankhira pamodzi. Nthano ya mphindi zinayi anaikoka mphindi 15 popanda mwana wodzuka. Pamene panali mawu obwerezabwereza ankangokhala chete, ana n'kumamaliza okha. Kuyambira tsikulo aliyense wowerenga amayamba waliwerenga bukulo mokweza kunyumba, ndipo timawerenga nthano ziwiri zokha, pakati n'kuikapo nyimbo yoti ana aimirire.

Walira mvula walira matope. Phokoso linayamba kufika m'chipinda chachikulu, ndipo bambo ena amene ankakonzekera mayeso anadandaula kuti laibulale si bwalo la mpira. Sanalakwe. Tinamata labala m'mphepete mwa chitseko, ndipo pakhomo lalikulu tinalemba kuti Lachitatu kuyambira 3 mpaka 4 koloko kumakhala ana, kuti wofuna bata asankhe nthawi ina. Madandaulo anachepa, sanatheretu.

Tinakhazikitsanso malamulo awiri amene tikanayenera kuyamba nawo. Pakakhala ana, akuluakulu azikhalapo awiri, ndipo makatani a pawindo azikhala otsegula. Komanso zithunzi za ana sizipita pa Facebook makolo asanavomere. Lachiwirili linabwera mayi wina atatiimbira foni atakwiya, ataona mwana wake pa tsamba lathu. Tinachotsa zithunzi zonse za tsiku lotsegulira zoonetsa nkhope za ana.

21 Juni: kalasi ya akuluakulu

Tinakonza maphunziro a kompyuta a masabata 6, ndondomeko yake italembedwa bwinobwino: kuyatsa, mbewa, kutayipa, kusunga zolemba. Makompyuta alipo atatu. Analembetsa anthu 14, sabata yachiwiri anabwera 5. Amene ankabwerawo akangokhala pansi ankatulutsa foni, osati kuyang'ana kompyuta. Wina akufuna kudzaza fomu yofunsira ntchito, wina foni yadzaza sikulandiranso zithunzi, wina waiwala nambala yachinsinsi, wina walandira uthenga woti wapambana mphoto ndipo akufuna kudziwa ngati ndi woona. Ndondomeko ija tinaipinda n'kuiika m'kabati. Chikwangwani chatsopano chimangoti: Bwerani ndi foni yanu ndi vuto lanu, Loweruka 2 koloko.

Panachitika cholakwa chimene chikanatiika m'madzi otentha. Mmodzi wa ife, pofuna kuthandiza, ankalemba mapasiwedi a anthu m'kabuku kake kuti akaiwala adzawakumbutse. Kabukuko tinakapeza katasiyidwa patebulo, mayina ndi mapasiwedi a anthu 9 ali poyera. Tinakaotcha, tinaitana onse 9 kuti asinthe. Tsopano wothandiza sagwira foni ya munthu, amaloza ndi chala mwiniwake n'kumadina, ndipo ikafika nthawi ya pasiwedi amatembenuka. Zimachedwa, koma munthuyo akafika kunyumba amatha kubwereza yekha.

China sindinachiyembekezere. Mayi wina ankabwera sabata iliyonse, nthawi zonse akuti, "Achimwene, tandiwerengereni apa, magalasi ndaiwala." Sabata yachinayi ndinawauza mwanthabwala kuti ndidzawamangirira chingwe magalasiwo. Sanaseke, ndipo sabata yotsatira sanabwere. Amayi oyang'anira laibulale anandiitanira pambali n'kundiuza kuti magalasiwo kulibe, ndipo kuti anthu oiwala magalasi iwo awaona ambiri pa zaka zimene akhala pamalopo. Ndinachita manyazi kwambiri. Iwowo ndi amene anapita kukawaona mayiwo, ndipo anagwirizana zoti azikumana awiriwiri Lachisanu m'mawa laibulale isanadzaze. Pano amakumana anayi. Pa ndandanda ya pakhomo nthawi imeneyi sinalembedwe, ndipo sitikufuna kuilemba. Akuwerenga timabuku ta ana tomwe tija, ena amati akukonzekera zokawerengera zidzukulu.

5 Julayi: Wikipedia yopanda intaneti

Tinagula kakompyuta ka Raspberry Pi 4 n'kuikamo Kiwix, pulogalamu yaulere imene imasunga Wikipedia ndi zowerenga zina kuti anthu azitsegula pafoni kudzera pa Wi-Fi ya m'chipindamo popanda kulipira intaneti. Wikipedia yachingerezi yokhala ndi zithunzi nthawi imeneyo inkatenga magigabaiti pafupifupi 100, choncho tinagula khadi la magigabaiti 128.

Zovuta zinali zitatu. Tinkagwiritsa ntchito tchaja ya foni, ndipo kakompyutako kankangozima n'kuyakanso kokha. Kamafuna tchaja ya mavoti 5 ndi maampu 3. Mafoni ena akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti amaisiya okha n'kubwerera ku data, ndiye timauza anthu kuti ayambe azimitsa data. Kenako magetsi anazima mwadzidzidzi ndipo khadi linaonongeka, ife tilibe lina. Kukoperanso kunatenga usiku uwiri kunyumba kwa mnzathu wina. Tsopano makhadi alipo awiri, lachiwiri limagona m'kabati. Zonse pamodzi magawo 8.

19 Julayi: kanema amene sanaonetsedwe

Safunsa anadya phula. Tinabwereka pulojekita, tinalengeza usiku wa kanema, kenako mphunzitsi wina anatifunsa ngati tili ndi chilolezo. Kugula filimu kapena kulipira mwezi ndi mwezi kumalola kuonera pakhomo pako, koma kuonetsa gulu kumafuna chilolezo cha eni filimuyo, ngakhale polowa pakhale paulere. Ndalama zake tinalibe, tinalepheretsa. Tinali titagula kale nsalu yakuda ya m'mawindo, magawo 2.

Sizinapite pachabe. Timabuku tathu n'tating'ono ndipo ana a kumbuyo saona zithunzi. Nthano zija chilolezo chake chimalola kuonetsa gulu, ndiye kamodzi pamwezi timaziwalitsa pakhoma, agogo aja ataima pambali ndi kandodo kolozera. Tsiku limeneli nsalu imatsekedwa, choncho chitseko chimakhala chotsegula, phokoso n'kumapita kwa owerenga aja.

16 Ogasiti: tsiku lokonza zinthu

Nzeruyi tinaitenga ku Repair Café, imene Martine Postma anayambitsa ku Amsterdam mu 2009: anthu amabwera ndi zinthu zoonongeka n'kukonzera limodzi ndi odziwa. Titangolengeza, bambo wina wokonza mawailesi ndi mafani anabwera nkhope ili gwa. "Mukamakonza ulere, ana anga adya chiyani?" Tinalibe yankho, chifukwa sitinaliganizire. Tinagwirizana kuti iyeyo, telala ndi wokonza njinga akhale aphunzitsi a tsikulo, tiwapatse kangachepe, azionetsa zing'onozing'ono monga kusintha fyuzi, kusoka batani ndi kumata chubu, ndipo ntchito yaikulu izipita kumalo awo antchito. Anavomera, ndipo potuluka ananyamula mafani awiri okakonza molipiritsa.

Magetsi anazima katatu tsikulo. Tinali titalumikiza ketulo ndi maayironi awiri pa ekisitenshoni imodzi, pamene pansi pake analemba kuti isapitirire mawati 3000, ndipo ketulo yokha imadya pafupifupi 2000. Chingwe chinafunda moti sungachigwire. Sabata yotsatira wa zamagetsi anaika masoketi ena awiri. Pa zinthu 23 zimene zinabwera, 14 zinakonzeka. Tinaiwala kumangirira mayina, ndipo wailesi imodzi ikadali m'kabati, mwini wake sakudziwika. Magawo 4.

20 Ogasiti: kiyi

Mu Januwale ongodzipereka tinalipo 11. Pano tatsala 4. Palibe amene anakangana ndi mnzake, anthu anangotopa, ena anapeza ntchito, ndipo ife sitinkaitana atsopano poganiza kuti tilipo ambiri.

Lero ana 26 anadikira panja mphindi 40 n'kubwerera. Kiyi wa chipindacho ndi mmodzi, anali ndi mnzathu amene anachoka mwadzidzidzi, ndipo amayi oyang'anira laibulale anali kumsonkhano. Lachitatu lotsatira anabwera 12 okha. Zinatenga masabata atatu kuti abwererenso onse. Mvula, phokoso, kusowa kwa mabuku, palibe chimene chinathamangitsa ana ngati chitseko chotseka kamodzi kokhako. Tinadulitsa makiyi ena awiri, gawo 1, ndipo pa Lachitatu lililonse palembedwa anthu awiri ndi wachitatu wodikirira. Ndandanda tinaichepetsa: tsiku lokonza zinthu lizichitika kamodzi pa miyezi itatu, osati mwezi uliwonse monga tinalonjezera.

13 Seputembala: pamene tafika

Pa 8 Seputembala ndi tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, limene UNESCO inalengeza mu 1966. Komiti inafuna mwambo wina ngati wa mu Epulo. Ndinatulutsa buku la mizere lija m'malo motsutsana. Pa anthu 140 a tsiku lotsegulira, mayina amene tikuwaonabe sakufika 10. M'bukumo muli mayina a ana 83, ndipo 29 abwera kopitirira kasanu. Ambiri mwa 29 amenewa anabwera ndi mnzawo kapena mkulu wawo pochokera kusukulu. Loweruka masana kumabwera akuluakulu pakati pa 6 ndi 10, ndipo awiri mwa iwo ayamba kuthandiza anzawo. Makhadi atsopano obwerekera mabuku atuluka 37. Mwambo sitinachite. Ana anangotenga kabuku kamodzi aliyense kupita nako kunyumba, ndipo pofika lero tabwerako 19 mwa 27.

Pa magawo 100 aja patsala 2. Akwanira limu imodzi ya mapepala ndi guluu, inki ayi. Timabuku 20 tathetheka kale pamsana ndipo tikufunika kusokedwanso Loweruka likubwerali. Pakona ya kumanzere, pamwamba pa mkeka wa makanda, paonekanso kabanga kachikasu kukula ngati chikhatho. Mkeka tausunthira mbali ina, ndipo kalipentala uja wati abwera Lachinayi ndi makwerero.